Khitchini ya a Sakala

Ndikukumbukira mphepo ya Seputembala wa 1994 kwathu ku Chipangali, ndili giredi 5. Tsikulo ndinaba machesi a atate n'kupita kudambo kukatentha tchire kuti mauna a mbewa aoneke. Ndinkadziyesa katswiri, kamwana kamamina. Mphepo itatembenuka, moto unalumpha njira kulunjika kumudzi, ine n'kuliyatsa liwiro, osati kukaitana anthu ayi, koma kukabisala m'chinangwa. Pothawapo ndinakumana ndi a Sakala, mkulu wofula njuchi, atanyamula chidebe cha uchi. Anandiyang'ana, nayang'ananso machesi m'dzanja langa.

Pobwerera ndinapeza nyumba yathu yatsala makoma okhaokha, nkhokwe ikufukabe, fungo la chimanga chopserera lili ponseponse. Anthu sanachedwe kugamula kuti moto wachokera kwa a Sakala ndi utsi wawo wofulira njuchi. Amayi anawalalatira mudzi wonse ukumva. Ine ndinali pomwepo, ndikulira mokweza kuposa aliyense kuti wina asandiganizire.

Masiku atatu tinagona pansi pa mtengo wa mango, atate akuyenda khomo ndi khomo. Amalume anati nyumba yawo yadzaza matumba a mtedza. Azakhali a ku Chipata anatumiza mawu oti angatenge mwana mmodzi yekha, makamaka wamkazi wodziwa kuchapa. Kufolera nyumba yathu sikukanatheka, poti udzu wonse wa kudambo ndinali nditautentha ndine, ndipo mitambo ya chizimalupsa inali itayamba kuda.

Tsiku lachinayi anatulukira a Sakala omwewo, chipewa chili m'manja.

"Khitchini yanga ndasesa," anauza atate. "Ana asanyowe."

Amayi anangozyolika.

Tinakhalamo miyezi isanu, anthu asanu ndi mmodzi, m'kanyumba konunkha mwaye ndi phula, miyendo ya atate ikugunda chitseko. A Sakala akafula njuchi ankandipatsa chisa cha uchi. Manyazi ake sindingawafotokoze. Tsiku lina akusema mng'oma ndinalimba mtima.

"Agogo, moto uja..."

"Idya uchi, mdzukulu wanga," anatero osadzutsa mutu. "Ine ndakalamba, mbiri yoipa sindilemera nayo. Iwe ulendo ukadali wautali."

Ndinadya uchiwo, n'kutseka pakamwa zaka makumi awiri.

Masiku ano kumudzi kuli malata okhaokha, ndipo ana anga mbewa amazionera pamsewu, zotungidwa kale pakamtengo. A Sakala anatisiya ndisanamalize sukulu. Koma anthu akamawerengera zaka amanenabe kuti "chaka cha moto wa a Sakala". Tsopano ndimawadula pakamwa, kaya ndi pamaliro kaya pamowa, kuti moto uja unali wanga. Amaseka, n'kunena kuti ndi zakale zimenezo. Amayi okha sanaseke. Anavala nsalu yawo yakutchalitchi, nati ndiwaperekeze kumanda kwa a Sakala.