Magazi a giredi wani pa mzere wa fetereza

Amuna anga ndi munthu wa fodya. Fodya m'manja, fodya m'mutu, fodya ngakhale m'pemphero. Kwa iwo chachikulu ndiye chabwino. Tsamba lalitali ndiye lokweza mtengo ku okushoni, mbande yonenepa ndiye yoyamba kuzulidwa ku nazale. Nanenso anandifunsira ndili wojintcha, eti! Nzeru imeneyi inatidyetsa zaka zambiri, sindikana. Koma chaka china cha makuponi inatsala pang'ono kundisandutsa wamasiye.

Chaka chimenecho dzina lawo linatuluka pa makuponi a fetereza. Ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Koma kuponi ndi pepala chabe, thumba lili ku depoti ya pa Chamama, ndipo lole yobweretsa matumba inalibe tsiku lake. Mwini dzina ankayenera kuonekera yekha. Ndiye anthu ankalawira, aliyense nkuika mwala wake pamzere, iye nkukakhala pamthunzi kumauyang'anira. Mwala ndiwo unali munthu. Mwala ukachoka, malo apita, ngakhale ulire bwanji.

M'masiku omwewo abambowa anali atangodzuka ku malungo amene anawatola kudambo pothirira nazale. Malungo anapita, koma anasiya mlendo pakhomo. Akatsuka mkamwa, malovu ofiira. Akawerama pang'ono, kamfuno chuu. M'miyendo timadontho ngati alumidwa ndi utitiri, m'mikono mabala akuda ngati ndimawatibula ndi munsi. Amayi anzanga a kutchalitchi anayamba kundiyang'ana manja.

Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawaimbira, mpaka tinapita kuchipatala chaching'ono. Kumeneko anati makina oyeza magazi otere ali ku boma. Tinakwera matola. Ku boma anawatenga magazi m'kabotolo, tinakhala pabenchi mpaka matako kuuma, kenako tinaitanidwa ndi adokotala achitsikana, msinkhu wa mwana wanga womaliza.

"Agogo," anatero kwa amuna anga, "m'magazi a munthu muli tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ife timati mapulateleti. Munthu akatemeka, timeneti ndi tomwe timathamangira pabala nkutsekapo kuti magazi aundane. Makina amayeza ziwiri, kuchuluka kwake ndi kukula kwake. Tanuto tachepa kwambiri, koma tomwe tatsalato ndi tatikulutikulu."

"Tatikulu?" Nkhope ya abambo inawala ngati belo lawo la fodya ladutsa ku okushoni popanda kubwezedwa. "Mwamva, amayi?"

"Dikirani agogo, ndimalize. Tatikulu nthawi zambiri timakhala tatsopano, tongotuluka kumene m'kati mwa mafupa momwe timapangidwa. Ndiye kuti mafupa anu sanagone, apo tithokoze. Koma chilipo chimene chikutiwononga msanga. Mwina ndi malungo aja, mwina china. Kukula pakokha sikunena kuti munthu ali bwino, timakuwerenga pamodzi ndi kuchuluka. Mubwerenso sabata yamawa tidzayezenso. Pakadali pano lumo lisakhudze khungu lanu, asipirini musamwe, ndipo magazi akayamba osasiya, musadikire sabatayo."

Ine ndinamva zonse. Amuna anga anamva liwu limodzi, ena onse anawasiya pabenchi pomwepo.

Pobwerera, matola onse anadziwa. "Makina a boma anena okha, abale. Magazi anga ndi a giredi wani!" Azibambo kuseka, wina kuwagwira chanza, wina kuti madala inu mudzatiika tonse. Ine kumbuyo kwawo ndikungokukuta mano.

Titafika ndinawakokera kuchigafa kumene timayanika fodya. Ndinati, "Abambo, taonani dengali. Ndikakupatsani mitolo ya udzu yowerengeka, ikhale ikuluikulu ngati ng'ombe, mungafolere chigafa chonsechi? Mvula siilowa?"

"Amayi, za fodya mwayamba kuzidziwa ndinu? Mindindi yochepa ya tsamba lalitali imaposa ngolo yodzaza zinyenyeswa. Funsani aliyense."

"Magazi si fodya!"

"Zonse nzolengedwa ndi Mulungu mmodzi."

Ine mayo, ine mayo! Ukamatsutsana ndi munthu wakuti walowetsapo kale Mulungu, ungatulukire khomo liti?

Sabata inakwana. Ndinawachapira malaya, ndinawaikira madzi osamba. Iwo anasamba bwinobwino, kuvala malaya aja, nkutenga njira ya ku depoti. Akuti kwamveka kuti lole yanyamuka. Mawa lake lole yanyamuka. Mkuja lole yanyamuka. Loleyo inkanyamuka tsiku lililonse osafika. Ine ndikusinja ndinkaimba kuti amve ali potuluka:

Mwamuna wanga ndi tsamba lalitali,
tsamba lalitali, ee,
likuthothoka lili m'munda,
wolisoka ndani, ee?

Iwo ankangoti, "Nyimbo yabwino, amayi," chipewa pamutu, ulendo.

Ndinaona kuti kukhala pakhomo nkudzipha ndekha ndi maganizo. Ndinayamba kuwatsatira, chigubu cha thobwa pamutu. Kunali kotentha kwa mvula isanagwe, kuja dzuwa limatsika nkukhala nawe pamphasa. Tsiku lina tinapeza mwala wawo uli pabwino ndithu, kufupi ndi khomo la depoti, chifukwa anali ataulondera nthawi yaitali. Dzuwa lili pamutu anayamba kubuula kuti mutu ukung'amba.

Pamthunzi pomwepo panali alamu anga, akulu awo a amuna anga, munthu wosayenda opanda lumo m'chipewa ndi kansupa ka mankhwala akuda m'thumba. M'mudzi mwathu mutu ukavuta timatema mphini ziwiri m'mbali mwa mphumi, nkupakamo mankhwalawo. Magazi amatuluka kadontho, basi, munthu nkumapita kumunda.

"Bwera kuno mphwanga, ndiutulutse mutuwo," anatero alamu.

Ndinagwada. "Alamu, pepani, adokotala analetsa lumo."

"Alamu, mphini zinayamba chipatala chisanamangidwe. Inuyo kumsana kwanu mulibe?"

"Ndili nazo."

"Anakutemani ndani?"

"Inu nomwe."

"Munafa?"

Azibambo a pamthunzi anaseka mpaka kutsokomola. Amuna anga anawonjezera, "Temani achimwene. Magazi wamba ndiwo amaopa lumo, anga ndi a giredi wani."

Anatema. Timphini tating'ono, toti mwana sangalire nato. Anapaka mankhwala akuda. Magazi anawatsuka. Anapakanso, magazi anawatsukanso. Anatsikira m'masaya, m'ndevu, m'kolala ya malaya ndinachapa aja. Sanali kuthamanga ayi, ankangoyenda mwaulemu, koma osaima. Ndinavula duku nkukanikiza. Duku linanyowa. Kenako kamfuno nako kanati ndilipo. Kuseka kuja kunatha, azibambo anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

Ndipo taonani mmene Satana amadziwira nthawi. Pomwepo fumbi kumsewu, hutala kulira, lole ija yafika! Anthu anadzuka ngati njuchi. Akalaliki a pa depoti anakuwa kuti aliyense akhale kaye pomwe ali mpaka atsitse matumba, miyala isasunthe.

"Abambo, tiyeni ku boma."

"Thumba kaye."

"Mukutha magazi!"

"Amayi, ndalondera mwala uja dzuwa lonse lija kuti ndiusiye lero? Chimanga mudzachithira nyimbo?"

Ankanena zoona, ndipo ndicho chinandipweteka. Dothi lathu linatopa kalekale, popanda fetereza limabereka zitsononkho. Adzukulu anali pakhomo, pakamwa yasa. Ndinayang'ana lole, ndinayang'ana milomo ya amuna anga imene inayamba kutuwa. Ndinapereka duku kwa alamu, ndinati kanikizani apa, nkuimirira.

Ndinapita pamzere. Mwala wawo ndinkaudziwa, wofiirira, wothyoka mbali imodzi. Ndinautola, kuusenza pamutu ngati mtsuko, nkuyamba kuyenda nawo pamaso pa anthu onse. Mantha akandigwira ine pakamwa sipatsekeka, ndiye ndinaimba mokweza:

Mwala sudwala, mwala sulira,
mwala ulibe mkazi, ee!

Ndinakauponya m'ngalande kuseri kwa msewu. Ndisanatembenuke nkomwe, bambo wa kumbuyo kwathu anali atakankhira kale mwala wake ndi phazi, mzere watsekeka ngati madzi. Amayi ena anagwira pakamwa. Wina anati, "Mayi uyu wataya chimanga cha chaka chonse!" Wina anati, "Musiyeni, mwamuna sagulidwa ndi kuponi."

Amuna anga anadzuka kuti andithamangire. "Mwapenga kodi, amayi inu? Mwapenga?" Anaponya phazi limodzi, dziko linawazungulira, nkukhala pansi phwa. Alamu anaimirira. Anaika lumo m'chipewa, nkuthamanga okha kukaimitsa matola, munthu wamkulu ngati uja.

Ku boma anawagoneka. Anamanga mphumi ndi bandeji yothina, anatseka mphuno ndi thonje, anayamba kuwapatsa mapilitsi. Adokotala achitsikana aja anaona mphinizo, anandiyang'ana, ine ndinayang'ana alamu, alamu anayang'ana denga. Masiku anapita, ine ndikuphika kuja amaphikira odikirira matenda, iwo akudya chakudya changa nkhope atalozetsa kukhoma. Atayezanso kangapo, adokotala anabwera akumwetulira.

"Agogo, tayamba kuchuluka, ndipo kukula kwake kwabwerera pa msinkhu wa masiku onse. Chimene chinkatiwononga chija chafooka. Muzimwabe mankhwala, muzibwera tikakuuzani."

Ine nthungululu m'wodi, anamwino kundiletsa akuseka. Amuna anga anati, "Ndiye kuti mwanditsitsa giredi." Sanathokoze ngakhale pang'ono.

Titatuluka, ku depoti kunali kutatsala fungo lokha. Kuponi inakhala m'thumba la jekete mpaka inafewa ngati kansalu. Alamu anabwera ndi ngolo ya manyowa a m'khola mwawo, anakhuthula m'munda mwathu, nkubwerera. Chimanga chinamera, china chobiriwira, chambiri chachikasu. Minda ya anzathu ili bii, wathu ngati wadwala chikasu. Aliyense wodutsa ankaima, nkupukusa mutu.

Ndipo abambowa anasiya kundilankhula. Akafuna madzi ankauza galu, "Uwauze amayi ako kuti kukhosi kwauma." Ine ndinkayankha galu yemweyo moimba, kuti uwauze abambo ako mtsuko uli pomwe umakhala. Ndinkaseka pamaso pokha. Munthu ndamuchotsa pakamwa pa manda, iye akulirira thumba!

Tinafika pa kupalira tili choncho, iwo mzere wawo, ine wanga. Tsiku lina khasu linadumpha pachitsa nkuwatema chala cha kuphazi. Ndinaponya khasu langa, nkuthamanga. Ndinagwada m'matope nkuyang'anitsitsa. Magazi anatuluka, anatsika pang'ono, anachedwa, anada, nkuima. Ndinadikira kuti ayambenso. Sanayambe.

Amuna anga anayang'ana chalacho nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine, osati galu.

"Mukuona chiyani, amayi? Udzu ukukula. Tiyeni tipalire."