Diso Langa Lotupa ndi Chinsinsi cha Mana Hodani

Mpaka lero, mwera ukayamba kugwedeza malata, khutu langa limafunafuna phokoso lina pansi pa mphepoyo: du, du-du, du. Linali phokoso la zibakera pa thumba la mchenga, kuseri kwa loja, sitolo ya Asomali kwathu ku Metangula, m'chipinda chosungiramo katundu momwe munkanunkha sopo, palafini ndi thukuta. Nthawi imeneyo ndinali kamtsikana kosatha msinkhu, kowonda, koma kamwano kosaneneka.

Lojayo inali ya a Abudi, bambo wamtali wosalankhulalankhula amene anathawa nkhondo kwawo pamodzi ndi mlongo wawo Hodani. Atsikana tonse tinkawatchula kuti mana Hodani, monga timatchulira mkulu wathu wamkazi. Pa kauntala anali munthu wofatsa, mpango kumutu, akuyeza shuga ndi mchere, akulankhula Chinyanja chothyokathyoka chosakaniza ndi Chiswahili, chomwe tinkachiseka akatembenuka. Palibe ankadziwa kuti ali kumsasa wa othawa kwawo ku Kenya anaphunzira masewera a nkhonya. A Abudi okha ndiwo ankadziwa, ndipo anali atanena mosapita m'mbali: tsiku limene mlongo wawo adzavalenso magolovesi, adzamukweza chapa, minibasi yathu ija, kupita kwa amalume ku Nampula, kumene kunali mwamuna womudikira.

Chaka chimenecho mwera unakalipa kwambiri. Mabwato anagona pamchenga, ndipo atate ankangokhala pakhonde kusoka ukonde wosang'ambika, n'kumakalipira nkhuku. Usipa wochepa womwe unkapezeka ku Chiwanga ndinkakausenza ine m'beseni kudzagulitsa kumsika. Panjirapo pankakhala Zeka, mwana wa aneba athu a Chikoti, mnyamata wa thupi lalikulu ndi nzeru zochepa, amene ankakonda kutigwedezera mabeseni n'kutapa usipa wodzaza manja. Tsiku lina ndinafika pa loja ndikulira ndi mkwiyo, usipa wanga uli mchenga wokhawokha. A Abudi anali atapita ku Lichinga kukaoda katundu. Mana Hodani anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kutseka chitseko chakutsogolo, n'kundikokera kuseri.

Thumba la mchenga lija linkagona pakati pa matumba a mpunga ngati nalo ndi mpunga. A Abudi akachoka, mana Hodani ankalikoleka pa mtanda wa denga. Magolovesi awo ofiira, osendeka m'mphepete, ankakhala pansi pa katoni ya sopo. Anandikulunga manja ndi tizidutswa ta kapulana, chitenje chathu chija, n'kundigwira chibwano kuti ndiwayang'ane.

"Marta, pakamwa tseka," anatero. "Kaka akamva, ine Nampula."

Kaka ndi momwe ankawatchulira a Abudi. Ndinalumbira, ndipo kuyambira pamenepo ndinkapita nthawi iliyonse achimwene awowo akakhala paulendo.

Kumenya ndinaphunzira msanga, poti mkwiyo ndinali nawo wokwanira mudzi wonse. Chimene chinandikanika chinali kulewa. Ife atsikana a m'mbali mwa nyanja timakula ndi katundu pamutu. Khosi limazolowera kuuma, chibwano m'mwamba, ndipo ngakhale njoka idutse pamapazi, miyendo ndiyo imadumpha, mutu ayi. Ineyo ndiye ndinkanyada nazo, chifukwa ndinkatha kuchoka ku Chiwanga mpaka kumsika osagwira beseni. Choncho mana Hodani akaponya dzanja pang'onopang'ono n'kufuula kuti "Lewa!", ine ndinkangoima njo, kuteteza beseni lomwe panalibe. Ankaseka mpaka kugwira khoma.

Tsiku lina m'mawa ndinawauza monyada kuti tsopano ndadziwa, aponye zenizeni. Anakana, ine ndinakakamira, ndipo anaponya mofulumirako pang'ono chabe. Mutu wanga sunasunthe. Ndinangoona kuwala, kenako ndinapezeka ndakhala pa thumba la mpunga, diso lakumanzere likutentha. Mana Hodani anagwada n'kundiikapo botolo lozizira. Ululu sindinkauopa ayi. Ndinkaopa kunyumba, ndipo ndinaona kuti nawonso akuopa komweko.

Pofika kwathu diso linali litatsekeka, lakuda ngati nthudza. Amayi anakuwa. Atate sanakuwe, ndipo zimenezo ndizo zinkaopsa kwambiri. Anaika ukonde pansi n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Wakumenya ndani?" Ndinakumbukira lumbiro lija. Ndinangoyang'ana pansi.

"Ndi Zeka ameneyu," anatero amayi. "Sanayambe lero."

Sindinavomere, komanso sindinakane. Atate ndi a Chikoti anali atakangana kale pa nkhani ya malo oyanikira usipa, ndipo njala ya mwera inali itafupikitsa mitima ya amuna onse. Madzulo ndinamva kuti a Abudi abwerako ku Lichinga.

Kutacha linali Lamulungu. Kutchalitchi atate sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi, amayi a mu mpingo akundiyang'anayang'ana diso n'kumanong'onezana. Titangotuluka, atate anapita kuseri kwa nyumba kukatenga nkhafi ya bwato, n'kundigwira pamkono kundikokera kwa a Chikoti. Mphepo inkatiwaza mchenga m'miyendo. Tinapeza a Chikoti akudula bango ndi chikwanje, ndipo ataona nkhafi ija anaimirira osachiika pansi chikwanjecho. Zeka anatuluka m'nyumba, nkhope itatuwa.

"Sindinamukhudze ine, ngakhale chala!" ankalumbira motero, koma ndani akanamukhulupirira? Mbiri yake inali itamutsogolera kale.

Anthu anadzaza bwalo. Kumbuyo kwa gulu ndinaona mutu wa a Abudi, popeza loja inali pafupi ndipo phokoso linawakoka. Ndinkadziwa kuti liwu limodzi lochokera kwa ine likhoza kuletsa magazi, komanso kuti liwu lomwelo likweza mana Hodani chapa. Atate anakweza nkhafi, a Chikoti anasendera kutsogolo kwa mwana wawo. Ndinatsegula pakamwa, koma munangolowa mchenga.

Pamenepo anthu anapatuka. Mana Hodani anadutsa pakati pawo, diresi lawo lalitali likuuluzika, magolovesi ofiira aja akulendewera pakhosi, poyera, masana dzuwa likuswa mtengo.

"Baba, musamenye mwana," anatero kwa atate. "Diso ilo, ndine."

Wina anaseka, ena anatsatira. Atate anawauza mwaulemu wouma kuti abwerere ku loja, nkhaniyi si yawo. Mana Hodani anavala magolovesi, n'kumanga zingwe ndi mano, kenako anapempha atate kuti agwire nkhafi ndi manja awiri, mbali yaphanthiphanthi iloze kwa iwo. Sindikudziwa chimene chinawachititsa atate kuvomera. Zibakera zinagwa pa nkhafipo mofulumira moti sindinaziwerenge, ndipo atate, munthu wopalasa bwato moyo wawo wonse, anabwerera m'mbuyo dzandidzandi. Kuseka konse kunatha, kunangotsala mphepo.

"Anabwera kwa ine akulira, usipa wake pansi," anatero mana Hodani, akupuma mwamphamvu. "Ndinamuphunzitsa. Ndinalakwitsa dzanja. Pepani."

A Chikoti anatembenuka kuyang'ana mwana wawo pa nkhani ya usipayo, chikwanje chikutsika pang'onopang'ono. Atate anaika nkhafi paphewa, manyazi ali m'maso, osadziwa woti amukalipire. Koma mana Hodani sankayang'ana aliyense wa ife. Ankayang'ana kumbuyo kwa gulu, kumene a Abudi anali atatembenuka kale, akuyenda okha kubwerera ku loja.

Loja inakhala yotseka masiku angapo. Kenako m'mawa wina, ndikupita ku Chiwanga, ndinaona mana Hodani atakhala pawindo la chapa yopita ku Lichinga, njira ya ku Nampula, kachikwama pamiyendo. Anakweza dzanja pang'ono. Galimoto inalowera njira yokwera mapiri ya ku Maniamba, ndipo ine ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kulira mokweza, osasamala kuti andiona ndani. Diso linaphwa mwera usanathe, koma mtima unatenga nthawi.

Ndinadzawapezanso nditakula, ndikugwira ntchito ya unamwino ku Nampula. Ukwati uja anaukana, n'kuchoka kwa amalume ndi zovala za m'thupi zokha. Anamenya nkhonya m'mabwalo a m'mizinda ikuluikulu, ndipo thupi litayamba kutopa anatsegula malo ophunzitsira atsikana ndi amayi mwaulere, ambiri mwa iwo othawa nkhanza m'nyumba zawo. Ankalankhulanso pawailesi za ufulu wa atsikana, m'Chipwitikizi chosalala chomwe sitikanachiseka. Tinamwa tiyi wawo wa zonunkhira, ndipo ndinafunsa za a Abudi.

"Sanandilankhulenso," anatero. "Anamwalira tisanapatsane moni. Ukudziwa, pothawa nkhondo ndinali wamng'ono, mapazi atatupa. Anandibereka kumbuyo mpaka kumalire."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku lija mana Hodani anataya chinsinsi chabe, ndipo kulimba mtima kwawo ndinkakuona m'zibakera zomwe zinadzandiritsa atate. Pano ndikudziwa kuti zibakerazo zinali zosavuta kwa iwo. Podutsa pakati pa anthu aja anali ataona kale amene waima kumbuyo, mchimwene yekhayo amene nkhondo inawasiyira, ndipo ankadziwa bwino kuti munthuyo sabweza mawu. Analankhulabe, chifukwa cha mnyamata wakuba usipa amene sanali kanthu kwa iwo.