Dzanja Lamanzere la a Mancang

Kodi munaonapo munthu akukalipira dzanja lake lomwe? Kuno ku Chenjiagou alipo, a Chen Mancang, a zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, koma ndinakwatiwa mudzi uno, ndaberekamo ana anayi, ndiye zimene ndikunenazi ndaziona ndi maso.

Zimene alendo amati tai chi, ife timangoti nkhonya. Akuluakulu amati anaziyambitsa ndi kholo la a Chen, msilikali amene anabwerera kumudzi ufumu umene ankaumenyera utagwa, zaka pafupifupi mazana anayi zapitazo. Akaweruka kumunda ankaphunzitsa ana ake kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka madzi, koma mkati mwa kufatsako muli zothyola nthiti. Amuna a kuno ankadyera momwemo, kuperekeza ngolo za amalonda kuti achifwamba asazilande. Kenaka wantchito wina wobwera anaphunzira, n'kupita nazo kulikulu, komwe mabwana anazifewetsa kuti zisamawatulutse thukuta. Zofewazo ndiye zafalikira dziko lonse.

Lamulo lakale linali lakuti mwana wamwamuna aphunzire, mtengwa aphunzire, koma mwana wamkazi ayi, chifukwa akakwatiwa atengera nzeruzo kwa eni. Ambiri analisiya kalekale. A Mancang sanalisiye.

Iwo ali ndi nkhonya za banja lawo lokha, masitepe makumi asanu ndi limodzi kudza anayi, zosapezeka m'sukulu za nkhonya zadzadza m'mudzi munozi. Anazipeza movutika. Zaka zoopsa zija, zinthu zamakolo zitaletsedwa, anthu anagwaditsa bambo awo pabwalo atawaveka chipewa chachitali cha pepala, n'kuwamenya mpaka khutu limodzi kugontha. Chichokereni apo bambowo ankaphunzitsa mwana wawo Mancang m'dzenje losungiramo mbatata, masana anthu akupuma. M'dzenje momwemo anamulumbiritsa.

"Ukadzapereka izi kwa wakunja, nsembe yako pamanda panga sindidzadya."

A Mancang anabereka awiri, Ailian wamkazi ndi Tiezhu wamwamuna. Tiezhu anaphunzira zonse, dzanja lake linali labwino. Koma nkhonya sizidzaza mbale masiku ano. Anapita kutauni kukamanga nyumba zosanja, anagwa kuchokera pansanjika yachisanu ndi chinayi, anabwera ali phulusa m'kabokosi. Ambuye atichitire chifundo. Mkazi wake anakwatiwanso kutali.

Maliro atatha, Ailian, amene anakwatiwa kwa a Wang mudzi wachiwiri kuchokera kuno, anagwada pamaso pa bambo ake.

"Ababa, ndiphunzitseni ine."

"Iwe ndiwe wa kwa a Wang. Madzi akatayika sawoleka."

"Ndikamakuchapirani mabulangete ndimakhala wa a Chen, eti? Pa nkhonya pokha ndiye ndasanduka wa a Wang?"

"Tseka pakamwa. Kaone mikate yako pamoto, ikupserera."

Chaka chatsopano chilichonse Ailian ankabwera ndi botolo la mowa ndi nkhuku, n'kupemphanso. Zaka khumi ndi chimodzi. Mowa a Mancang ankalandira, yankho n'lomwelo. M'mawa ankakhoma chitseko cha mpanda n'kumasewera okha nkhonya zawo, ife tikungomva phazi likugunda pansi, di!

Mnzawo wa ubwana, a Laogen, ankawanena poyera pansi pa mtengo pomwe madala amasewera njuga.

"Iwe Mancang, masitepe akowo ukaphunzitsa nyongolotsi kumanda? Zilibe manja zija, mbale wanga."

"Bola nyongolotsi, sizikwatiwa."

Anthu anaseka. Inenso ndinawauza osapsatira: "Achimwene, Mulungu anakupatsani ana awiri. Mmodzi watengedwa. Winayu mukumutaya nokha." Anandiyankha kuti ndikapemphere zanga kutchalitchi kwanga. Ndinakapempheradi.

Chaka chatha, nyengo yokolola tirigu, a Mancang akuyanika tirigu pamsewu dzuwa lili pamutu, anagwa chafufumimba. Anatuluka m'chipatala mbali yonse yamanzere itafa, pakamwa patapindika, mawu akutuluka ngati a munthu wodzaza phala m'kamwa. Wowasambitsa, wowatembenuza, wowapukuta malovu anali wa kwa a Wang yemweyo.

Patatha mwezi analoza kumanda. Ailian anawakweza pangolo yamatayala atatu. Pamanda pa bambo awo anafukiza lubani, anathira mowa pansi, misozi ikutsika diso limodzi. Zimene anauza akufawo palibe akudziwa. Atafika kunyumba anagogoda pansi ndi ndodo.

"Ima apo."

Ailian, mayi wa zaka makumi asanu, anaima pakati pa bwalo.

Koma abale anga, nkhonya zathuzi ndi za manja awiri. Lina likamatseka lina likutsegula, lina likamakoka mdani lina likulowa kunthiti. A Mancang amakweza lamanja, kulizungulitsa bwinobwino ngati kale, lamanzere lili lende pantchafu. Ailian amatsanzira lamanja, lamanzere amangoganizira. Akalakwa ndodo imagunda pansi.

"Ayi!"

"Ndiye liyende bwanji, ababa? Mmwamba?"

"Ayi!"

"Mmunsi?"

"Ayi! Chitsiru!"

"Chitsiru ndine? Munali ndi manja awiri zaka khumi ndi chimodzi!"

Tsiku limenelo ndinali pomwepo, ndinawapititsira adyo. A Mancang anagwira dzanja lakufalo ndi lamoyo, kulikweza kuti asonyeze. Atalisiya linagwa ngati nsanza yonyowa. Analimenya, analitukwana ndi mawu oti sindingawabwereze. Ailian anathamanga n'kuligwira, n'kulifungatira pachifuwa, onse awiri akulira.

Pa masitepe onse aja afika pa khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo ngakhale amenewo ndi theka lokhalokha. Adokotala akuti matendawa akabweranso sadzasiya kanthu. Madzulo ndimawatchula m'pemphero, kuti ngati dzanja silidzuka, lilime lokha limasuke.

Ndiye inu a Chen, abale a Mancang, amene munabalalika nthawi ya njala ndi dzombe, inu a ku Xi'an ndi kwina konse, mwina agogo anu anakusonyezanipo nkhonya zachikale ali ndi manja onse awiri. Ngakhale mukukumbuka sitepe imodzi yokha, pitani mukawaone a Mancang. Nyumba yachitatu kuchokera pamlatho, ya chitseko chobiriwira. Mupite m'mawa, mutu wawo ukadali bwino, ndipo musadikire kuti mukolole kaye chimanga.