Mawu a m'sutikesi ya bambo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 kwathu ku Nsaru, chaka chimene bambo anga anadana ndi mng'ono wawo chifukwa cha mafoni. Ndikayamba choncho anzanga amaseka, inenso ndimaseka nawo, koma nkhaniyi ikafika pakati ndimapezeka kuti ndasiya.

Bambo anga, a Gerevazio, anali mlimi wa fodya. Chaka chimenecho fodya anawayanja, ndipo pochokera ku okushoni anadzera m'tauni n'kugula foni yopanda mabatani, yongokhudza ndi chala. Anatiuza kuti ndi ya ku Koreya. Inali yakuda, yosalala ngati mwala wa mumtsinje, ndipo ankayamba aikulunga m'kampango asanaiike m'thumba la jekete. Mwezi usanathe, bambo aang'ono a Pitala anabwera kuchokera ku Joni, kumene ankagwira ntchito m'galaja. Anabwera ataonda, akutsokomola, koma nawonso anali ndi yawo, ya ku Amereka. Mafoni awiriwo ukawagoneka pamodzi chapatali, sukanadziwa kuti iyi ndi ya yani.

Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, abambo ankasonkhana pakhonde la golosale ina pamsika, ife ana tikudya nzimbe chapafupi. Masiku amenewo wailesi inali itanena kuti makampani awiri opanga mafoniwo atengerana kukhoti, wina akuti mnzakeyo wamubera nzeru za kapangidwe. Nkhaniyo inalandiridwa pakhondepo ngati ya mpira. Ngakhale anthu amene analibe foni ina iliyonse anasankha mbali. A Pitala ankati Amereka ndiye anayamba, enawo anangoonera ngati mwana waulesi pa mayeso. Bambo ankati yawo umatha kuitsegula kumbuyo, kusintha batire, kuikamo kakhadi ka nyimbo, pomwe ya mng'ono wawoyo ndi yokhomedwa ngati bokosi la maliro. Anthu ankafa nacho chiseko.

Tsiku lina a Pitala anapyola malire. Anati, "Achimwene, zoti mumakonda foni ya akuba ine sindikudabwa nazo. Nanga ngolo ija munaitenga bwanji?"

Ankanena ngolo ndi ng'ombe ziwiri zimene agogo anasiya pomwalira, zimene bambo anatenga a Pitala ali ku Joni. Bambo anadzuka, n'kukwera njinga, n'kupalasa osacheuka. Anaiwala kuti anabwera atandikweza. Ndinabwerera wapansi, nzimbe ili m'manja.

Kuyambira tsikulo dzina la a Pitala silinatchulidwenso pakhomo pathu. Patapita masabata angapo tinamva kuti agonekedwa kuchipatala cha mishoni ku Namitete. Mayi anapitako kawiri. Bambo anati apita akamaliza kufesa fodya kunazale, kenako anati apita mbewu zikamera. Mbewu zinamera, ndipo a Pitala anamwalira mu Okutobala bambo asanapondeko.

Patatha sabata chiikireni maliro, mayi aang'ono, akazi a malemuwo, anabwera kwathu ndi kanthu kokulunga m'chidutswa cha chitenje. Anagwada n'kunena kuti, "Alamu, anati iyi ndikupatseni inuyo." Inali foni ija, yothima. Tchaja chake chinali chitasowa kuchipatala. Bambo anathokoza osaifutukula. Anakaiika m'sutikesi ya pansi pa bedi, momwe munkakhala makhadi athu a ubatizo, n'kutseka ndi loko.

Sabata yomweyo ndinaponda msomali, ndiye sindinkapita kusukulu. Lachitatu ndinatsala ndekha pakhomo, makolo ali kudimba kothirira nazale. Dzuwa linali paliwombo. Malata ankathetheka ndi kutentha, nyenje zikulira mumtengo wa mango, nkhuku zitayasamula kukamwa pansi pa nkhokwe. Ndinagona pamkeka pabalaza, phazi lili m'mwamba. Mwadzidzidzi nyenje zinasiya kulira, zonse nthawi imodzi. Kenako kuchipinda kwa makolo munthu anatsokomola.

Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa. Ndisanaganize n'komwe zodzuka, mawu anamveka, otsika, ngati a munthu amene wafunda bulangete kumutu: "Dzukani, nthawi yakwana. Dzukani." Anabwereza katatu. Anali mawu a bambo aang'ono, ndi kakokedwe kawo komwe kaja kamene anabwera nako ku Joni.

Sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji ndi phazi lotupalo. Ndinangopezeka ndaima pakati pa bwalo, padzuwa, dothi likundiotcha, ndikuyang'ana chitseko chotsekula. M'nyumbamo simunatuluke munthu. Ndinaima pomwepo mpaka mayi atafika, ndipo atandifunsa ndinati ndimaothera dzuwa. Mu Okutobala!

Lachinayi ndinakakhala pansi pa mango kusanatenthe, koma mawuwo anandipeza komweko, kudzera pawindo. Lachisanu mayi anabwerako msanga kuchokera kudimba. Ankapeta chimanga pakhonde pamene chifuwa chija chinamveka. Lichero linagwa, chimanga mbwee, nkhuku osayandikira n'komwe. Mayi anachita chizindikiro cha mtanda, n'kukatenga kabotolo ka madzi odalitsa. Anawaza sutikesiyo ataima patali, ngati akuwopa njoka. Atatuluka anandigwira phewa n'kundichenjeza kuti ndisauze bambo.

Panalibe chifukwa chowauzira. Loweruka anali pakhomo, akumata keni yothirira imene inabooka. Nthawi itakwana anamva okha. Ndinaona dzanja lawo litaima m'malere. Anakhala choncho mpaka mawuwo anatha, kenako anaimirira pang'onopang'ono ngati nkhalamba, n'kulowa. Ine ndi mayi tinaima pakhomo la chipindacho. Anatsekula loko, n'kufutukula chitenje. Foniyo inali yakuda bii. Anaidina, anaigwedeza, anaiika kukhutu. Anatenga tchaja cha foni yawo, koma polowetsa pa foni ya malemuyo panali papakulu, kansonga ka tchajacho kankangogwedera. Ndiye anakhala pabedi, foni ili pachikhatho, n'kunena motsitsa kuti, "Pitala."

Lamulungu tinafulumira pochokera kutchalitchi, osadzera pamsika. Bambo anaika foniyo patebulo, tonse atatu titakhala mozungulira. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, mthunzi wa nkhokwe unatalika. Foni ili chete. Kwa ine tsiku limenelo ndi limene linali loopsa kuposa onse, chifukwa ndinaona bambo akudikira.

M'mawa mwake ananditenga kuti tikasake tchaja. Ndikhulupirira ankafuna mboni. Tinalowa paliponse pamene ankatchaja mafoni pa Nsaru, koma panalibe amene anali ndi cha mtundu umenewo. Bambo wina wa pakhonde la golosale paja anaona foniyo n'kufuula kuti, "A Gerevazio, kodi mwalowa chipani china?" Bambo anangopitirira. Tinakwera matola mpaka ku Namitete, kumene anatilozera kwa a Saidi, wokonza mafoni m'kashopu kopapatiza, konunkha waya wopserera.

A Saidi nawonso analibe tchajacho, koma anati aione mkati. Anamasula tizitsulo ting'onoting'ono ngati nthangala za fodya, n'kukweza chivundikiro. Anationetsa batire yotupa ngati chitumbuwa. Kenako analoza kachitsulo kena ndi nsonga ya chomasulira.

"Aka ndiye ubongo wake. Amati anapanga ndi a ku Koreya omwewo. Kukhoti akukangana, kufakitale akugulitsana," anatero a Saidi akuseka.

Bambo sanaseke. Anafunsa ngati mawu ali mkatimo angamvekenso. A Saidi anafunsa kuti mawu ati, ndipo bambo anafotokoza.

"Bambo, batire iyi inafa kalekale. Komanso mtundu uwu ukathima, wathima. Sulira, ngakhale mutautchera nthawi. Mukuti yalankhula liti?"

"Dzana."

A Saidi anandiyang'ana ine. Ndinagwedeza mutu kuvomereza. Anabwezeretsa tizitsulo tija mofulumira, n'kukankhira foniyo kwa bambo ndi chomasulira, osaigwiranso, kenako anapukuta zala pathalauza.

Pobwerera tinadzera kwa mayi aang'ono. Tinawapeza akutonola chimanga. Atamva nkhaniyo sanadabwe kwenikweni. Anati n'zoona, malemuwo anadzijambula mawu ali kuchipatala kuti azikumbukira kumwa mankhwala, ndipo foniyo inkawadzutsa sikisi koloko m'mawa. Bambo anati ife timawamva masana, dzuwa lili paliwombo. Mayi aang'ono anasiya kutonola. Anayang'ana chitsononkho chili m'manja mwawo.

"Masana ndiyo inali nthawi yoona odwala," anatero. "Ankandiuza kuti ndiwakhazike, ayang'ane kukhomo la wodi. Tsiku lililonse, alamu."

Bambo anavula chipewa. Anakhala pansi, padothi penipeni, jekete ili m'thupi. Aka kanali koyamba kuwaona akulira, pakuti ngakhale pamaliro paja misozi sinatuluke. Foniyo sinalankhulenso, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene tinamva. Ndafunsapo anthu odziwa za mafoni kuno kutauni kumene ndimagwira ntchito. Ena amati mwina inali isanathimiretu, ena amati nthawi yake inasokonekera. Ndimawamvera, koma iwo kunalibe.

Masiku ano ku Nsaru foni yokhudza ndi chala ili ndi aliyense, ngakhale ana oweta mbuzi, ndipo palibe amene amafunsa kuti inachokera dziko liti. Bambo akalamba, maso sakuonanso bwino, ndiye kulemba anasiya. Amanditumizira mauthenga a mawu, aatali, ofotokoza za mvula, za mtengo wa feteleza, za amene wadwala m'mudzi. Ena amayamba asanadziwe kuti ayamba kujambula, ndimangomva akupuma ndi tambala akulira kumbuyo. Foni yanga ikadzaza ndimafufuta zithunzi, nyimbo, ngakhale za kuntchito, koma mauthenga awowo sindinafufutepo ndi umodzi womwe. Ndipo akangonena kuti thupi silili bwino, sindidikira Loweruka. Ndimakwera minibasi tsiku lomwelo.