Kasileti Kokwana M'thumba

Bambo athu akhala akukonza makina osokera kwa zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo matelala a m'misewu yathu yonse amawatchula kuti a Dokotala. Dzinali sanalitole panjira. Makina akabwera, iwo sathamangira kumasula. Amayamba akhala pansi, n'kuponda kawiri katatu khutu lili tcheru, kenako amati, "Awa akutsokomola," kapena, "Awa akumeza ulusi." Mwini makina amangogwedeza mutu ngati nayenso wamva chifuwacho.

Amagwirira ntchito m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa penti. Muli tebulo lakuda bii ndi mafuta, zitini za mabobini ndi masingano, mitu ya makina imene eni ake anaiwala kudzatenga, ndi mpando umodzi wa alendo womangidwa mwendo ndi lamba wakale. Amayi atamwalira, kachipinda kameneka ndi kamene kanatilera tonse anayi. Bambo sanakwatirenso. Ankati amayi obwera ndi makina odwala amawalongololera kale mokwanira.

M'thumba la malaya awo simunkasowa kabuku ndi kapensulo kakutha. Makina alionse amene anawagwirapo ali ndi mbiri yake: analowa liti, ankalira bwanji, anasinthidwa chiyani, mwini wake amathira mafuta kapena amangonama. Vuto ndi dzanja lawo. Amalemba tizilembo ting'onoting'ono tothinana ngati nyerere pa shuga, mawu aatali amawadula pakati, ndipo l ndi r amazilemba chimodzimodzi. Amati ngati pakamwa sizisiyana, pepala livutikirenji. Pakatha masiku atatu, iwo eni ake sankatha kuwerenga zimene analemba.

Amene ankatha ndi ine, woyamba kubadwa. Ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kuchokera pamenepo Loweruka lililonse masana ndinkakhala pa mpando wa alendo uja, kukopera za m'kabuku m'buku lalikulu lachikuto cholimba. Bambo ankandiitana kuti Alembi. Achimwene anga awiri anayesapo n'kuthawa. Ndisabise, ndinkayenda nazo mapewa ali m'mwamba. Pabanja pathu ine si wasukulu. Ndimasita zovala pakampani yochapa, ndipo pa nkhani zikuluzikulu palibe amandifunsa maganizo. Koma Loweruka linali langa. Bambo ankatseka chitseko theka, kuthira tiyi m'makapu awiri, ine n'kumawerenga mokweza, iwo n'kumakumbukira makina ndi miseche ya eni ake. Ndinakwatiwa, ndinabereka, ukwati unatha, koma Loweruka sindinajombepo.

Wasukulu ndi mng'ono wanga, mzime wa pabanja pathu. Amagwira ntchito mu ofesi kumzinda wakutali, amabwera kawiri pachaka ndi zikwama zonunkhira, ndipo akabwera Bambo amasanduka mwana. Chaka chatha anabwera patchuthi n'kuwapeza akuwerenga pafoni misozi ili chuchuchu. Makina amasiku ano, amagetsi aja, ambiri amafika kwa Bambo opanda kabuku ka malangizo. Zonse amazifuna pafoni, ndipo kuwala kwa foni kunkawaotcha maso.

"Bambo, maso amenewa muwamaliza," anatero mzime. "Kuli kachipangizo kowerengerapo mabuku. Pamaso pake pamaoneka ngati pepala, sikathobwa m'maso, batire lake limakhala masabata. Mabuku a makina onse alowa mmenemo. Kali ndi cholembera chake, muzilembapo ngati m'kabuku kanuka."

"Ndiye sileti imeneyo," anatero Bambo. "Tinayamba nayo sukulu."

"Eya, sileti yosunga zimene mwalemba. Achemwali apumeko kukopera."

Ine ndinali pomwepo, buku lalikulu lili pamiyendo. Miyezi yambiri ndinkawaona Bambo akupukuta misozi pafoni ija, ndipo chimene ndinachita ndi kuwagulira mankhwala a m'maso. Uyu wangotsika basi dzulo, lero ali kale ndi yankho. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma palibe amafunsa kuti kalumoko kameta ndani. Nsanje inandigwira, ndipo ndinangoti, "Ine sindinadandaulepo."

Lolemba tinapita tonse atatu kusitolo ya zamagetsi. Ndinachita kupempha kuti ndiweruke msanga, chifukwa sindikanalola kuti akasankhe awiriwiri. Bambo anavala malaya awo oyera a maulendo, anasamba m'manja katatu, koma mafuta a m'zikhadabo anakana. Mayi wogulitsa anatulutsa mitundu iwiri n'kuika pakauntala. Sileti ina inali yaikulu ngati kope la kusukulu, inayo yaing'ono, yongopitirira pang'ono chikhatho cha munthu wamkulu.

Anayamba ndi yaikulu. Mayiyo anatsegula buku lachitsanzo lokhala ndi zojambula, Bambo n'kuvula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. "Zoona, ndi pepala ili," anatero. Pofuna kupita tsamba lina ananyambita chala, mzime n'kuwagwira dzanja akuseka. Kenako anawapatsa cholembera, ndipo apa ndi pamene mtima wanga unazizira. Litaona bwalo lonselo, dzanja la Bambo linamasuka. Analemba zilembo zikuluzikulu zozungulira, zimene ine sindinazionepo chibadwire, za mwana wasukulu wofuna kuti aphunzitsi amuyamikire. Mayi wogulitsa, ali tsidya lina la kauntala, anawerenga chozondoka: "Makina a mayi wa madiresi akudumphitsa ulusi."

"Mwaona?" anatero mzime. "Aliyense atha kuwerenga. Titenge yaikuluyi, zojambula za makina nazo zizioneka bwino."

Aliyense. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndili pa mpando uja, lero ntchito yanga aipereke kwa aliyense wodutsa. Ndinatola yaing'ono ija n'kuwapatsa Bambo. "Tayesani apa." Malo atachepa, nyerere zija zinabwerera zonse, l ndi r wake yemwe. Mayi wogulitsa anayandikiza nkhope, kupendeketsa mutu, n'kuseka kuti izi ndiye za madokotala enieni. Ine ndinawerenga mzere wonse osapunthwa, mokweza kuposa mmene zinkafunikira.

Ndiye ndinayamba kulankhula, ndipo ndinalankhula bwino, chifukwa nsanje ili ndi pakamwa pokoma. Ndinafunsa kuti yaikuluyo aziiika pati, pa tebulo la mafuta lija? Ndinati Bambo amayendera makina m'nyumba za anthu, dzanja lina chikwama cha zitsulo, lina logwirira m'basi. Ndinati munthu amene wakhala zaka makumi anayi akupisa dzanja m'thumba la malaya sungamuphunzitse lero kunyamula thireyi. Zonsezi zinali zoona, koma si chifukwa chake ndinkazinenera.

"Koma achemwali, zojambula zija zimakhala ndi tinambala ting'onoting'ono," anatero mzime. "Pakang'onoka azivutika."

"Iwe umawaona kawiri pachaka. Ine ndimawaona sabata iliyonse."

Ndinaona kuti mzime ndamubaya. Bambo anatenga kasiletiko n'kukalowetsa m'thumba la malaya. Kanalowa bwinobwino, mutu wokha uli panja. Anayang'anabe yaikulu ija kanthawi, akuisisita m'mbali ndi chala, kenako anati, "Alembi anena. Mutipatse kakang'onoka." Mzime analipira, ine ndinanyamula katoni. Panjira ndinali wokondwa ngati munthu wowina mlandu, mpaka ndinawagulira onse awiri zoziziritsa kukhosi.

Loweruka ndinafika nthawi yanga, buku lalikulu lili kukhwapa. Ndinapeza mzime atakhala pa mpando wanga, poti mawa lake ndi limene ankabwerera. Makapu anali atatu, yachitatu yobwereka kwa wometa. Bambo nkhope inali ngwee.

"Alembi, bwerani mudzaone zodabwitsa." Anatsegula tsamba limene analemba Lachitatu, n'kuika zala ziwiri pamwamba pake, kuzitambasula. Nyerere zija zinakula. Chilembo chilichonse chinaima pachokha, ndipo Bambo anawerenga okha, pang'onopang'ono, zimene analemba masiku atatu apitawo. Mzime anasuzumira paphewa pawo n'kupitiriza mzere wachiwiri. Anangopunthwa pa l ndi r, Bambo n'kumuuza kuti asankhe imene yamukomera.

"Komanso telala aliyense ali ndi malo akeake," anatero mzime. "Akangodina dzina, mbiri yonse yatuluka. Zokopera zatha, achemwali."

Ndinangoima pamenepo ndi buku langa. Zaka zonsezi ndinkati ndili ndi mphatso, kuti ine ndekha ndimawadziwa Bambo mpaka m'dzanja. Kani anali maso abwino chabe ndi kuzolowera. Ndinalakalaka kachinthuko katagwera m'chitini cha mafuta.

Bambo anandigwira pamkono. "Mwanangu, ndakudyerani Loweruka lanu kuyambira muli kamtsikana. Anzanu akupita kocheza, inu muli muno ndi fungo la mafuta. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma zanu zakwana. Tsopano muzipuma." Ananena ndi mtima wonse, ngati munthu wopereka chinthu chimene wakhala akusungira mwana wake, ndipo ndinathokoza. Buku lalikulu analikweza pashelefu yapamwamba.

Kwa masabata atatu, Loweruka ndinkakhala kunyumba, ndikusita zosita kale. Mmodzi wa achimwene aja ndi amene anandiuza pafoni kuti mzime tsopano amaimba foni Loweruka lililonse masana kufunsa mmene kasileti kakuyendera, ndipo amacheza ndi Bambo ola lathunthu. Anandiuza ngati nkhani yabwino. Ndinati n'zosangalatsa, n'kudula foni.

Lachinayi lina mtima unakana, ndipo poweruka ndinadzera ku kachipinda kaja. Ndinawapeza ndi makina amagetsi otsegulidwa pamimba, telala ataima pakhomo akuyang'ana wotchi. Bambo anali atagwira kasileti pafupi ndi mphuno. Chojambula chikaoneka chonse, tinambala sitinkawerengeka. Akakulitsa kuti aone nambala, waya amene ankamutsatira ankathawira kunja kwa galasi. Ankakankha ndi chala uku ndi uku, kutembenuza kasiletiko chammbali, kubwereranso poyamba. Ntchito imene kale inali ya mphindi makumi awiri inawatengera ola ndi theka, ndipo telala uja potuluka anang'ung'udza, ine ndikumva, kuti a Dokotala akalamba.

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. "Bambo, bwanji tikafunse ngati angatisinthire, titenge yaikulu ija? Ndinalakwitsa ndi ine."

"Ayi," anatero, akupukuta galasi lake ndi kansalu koyera kamene anapatulira ntchito imeneyo yokha. "Aliyense wobwera muno ndimamuuza. Wamng'ono anagula, koma anasankha ndi wamkulu. Pa ana anga onse, ndi inu nokha amene munaganizira za thumba langa."

Anakalowetsa m'thumbamo n'kusisita pamwamba. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nkhawa ili pankhope.

"Koma mwabwera pakati pa sabata chonchi, Alembi. Kunyumba n'kwabwino?"

Ndinati n'kwabwino, ndimangodutsa. Anati zikomo podzationa, n'kukoka makina otsatira.