Ndinafulumizitsa seva, ndinataya dzina la mwana

Inu owerenga, cholakwa changa n'chakuti ndinafuna kutamidwa, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale m'malo.

Ndimayang'anira makompyuta pa kachipatala kena kunja kwa boma la Lundazi. Mayina a odwala timawasunga mu databesi, kaundula wa pakompyuta, pa seva yokalamba, kompyuta yaikulu imene ili m'kachipinda koyandikana ndi kosungira mankhwala. Sevayo inkachedwa koopsa. Namwino akalemba dzina, ankayamba wapinda manja kudikira kuti lilowe, uku mzere wa amayi utafika pa mtengo wa mango. Sista wamkulu, a Nyirenda, tsiku lililonse ankandiimitsa pakhonde: “Imwe a kompyuta, makina yanu yagona futi? Bantu balema!”

Mawuwo ankandiwawa. Nditafufuza pa intaneti, ndinapeza kuti databesi imadikira kaye kuti chilichonse chilembedwe pa disiki isanalandire china. Ndinazimitsa lamulo limenelo. Ndinauzanso seva kuti izisunga zambiri m'memore, momwe zinthu zimafufutika magetsi akathima, n'kumazilemba pa disiki nthawi ina. Ntchito yokopera zonse pa disiki yapadera ndinaiimitsa poti inkachedwetsa zinthu. Chenjezo linalipo, lolembedwa poyera, koma ndinangolidumpha. Ndinkadziwanso bwino kuti batire loteteza seva magetsi akathima linafa kalekale.

Seva inayamba kuthamanga. Mzere unkatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo a Nyirenda anandibweretsera mtedza wokazinga. Ine kudzimva, mpaka ndinauza anamwino kuti kaundula wa pepala ndi wachikale, amusiye. Anandimvera.

Patatha milungu itatu, Lachinayi lina masana, magetsi anathima. Atabwera, databesi inakana kutseguka. Ndinayesa zonse thukuta lili kamukamu, koma zinali zitawonongeka. Ndinabwezeretsa zakale zimene zinali pa disiki yapadera ija, ndipo zonse za milungu itatu ija zinapita.

Pa milungu imeneyo tinali titatenga magazi a makanda asanu ndi anayi obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilombo ka HIV. Magaziwo amapita ku Chipata ndi nambala yokha, dzina limatsala mu databesi. Zotsatira zitabwera, nambala imodzi inaonetsa kuti mwana ali ndi kachilombo ndipo ayenera kuyamba mankhwala msanga. Mwana wa ndani? Palibe ankadziwa.

Ndinaulula zonse kwa a Nyirenda. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, “Tengani njinga, mukabafune.”

Anamwino anakumbukira amayi ena, ena tinawapeza kudzera m'mipingo. Ndinapalasa njinga m'midzi mpaka kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi, kupempha amayi kuti ana awo abayidwenso pachidendene n'kutengedwa magazi ena. Mayi wina anandifunsa m'Chitumbuka chifukwa chake, ine n'kungomupemphanso kuti abwere naye mwanayo kuchipatala. Tinapeza asanu ndi atatu, onse alibe kachilombo. Wachisanu ndi chinayi sitinamupeze. Namwino wina akuti mwina anali mayi amene anabwera kudzacheza kwa abale, kenako n'kubwerera kwawo ku Malawi.

Inu amene mumagwira maseva, musasinthe kanthu musanamvetse chimene kamateteza. Yesani kaye pa makina ena, musaimitse zokopera, ndipo uzani anzanu zimene mwasintha. Kuno magetsi amathima osatsanzika. Kuchedwa kwa seva kunkangotopetsa anthu miyendo basi.

Ntchito sanandichotse. Koma mwana uja, ngati ali moyo, pano akuyenda, ndipo amayi ake akuganiza kuti popeza chipatala sichinawaitane, ndiye kuti zonse zili bwino.