Mapiritsi a m'chitini cha mabobini

Dzina lawo lenileni lilipo, koma amene amalidziwa ndi akazi awo ndi a kuchipatala basi. Msewu wonse umawatcha Achoko, chifukwa cha choko cha utelala chimene sichichoka kukhutu kwawo chiyambire unyamata. Tsiku la ukwati wawo, mkwatibwi ndi amene anachichotsa ali pakhomo la tchalitchi, n'kuchibisa m'maluwa.

Malo awo antchito ndi kachipinda ka chitseko chimodzi, pakati pa sitolo ya penti ndi khonde la wosoka nsapato. Muli tebulo lodulirapo, simbi, galasi losweka pakona, ndi makina akuda opondera ndi mapazi, amene lamba wake walumikizidwa ndi waya kangapo konse. Makina amenewo analera ana anayi. Anthu anene zimene angafune za banja limeneli, koma palibe mwana wa Achoko, kaya mdzukulu, anaponda pasukulu ndi kabudula wong'ambika kumatako. Kunyada kwawo kwenikweni kunali matumba. Ankati thalauza aliyense angathe kusoka, koma telala amadziwika ndi thumba: lakuya, losindikiza kawiri, loti makiyi akhalemo zaka osaboola.

Matenda a shuga anawapeza atamera kale imvi. Zimenezo sanadandaule nazo kwambiri, poti akazi awo anangotsekera shuga m'kabati, kiyi n'kumangirira pampango. Chimene chinawagwetsa ulesi ndi mapazi. Anayamba ndi dzanzi kuzala, kenako kubayabaya ngati aponda mapini, mapeto ake moto weniweni. Ukawayang'ana mapaziwo, osatupa, opanda bala, koma mwiniwake akuti akuyaka. Bulangete likangokhudza chala, ankadzidzimuka. Tsono telala wa makina opondera amadya ndi mapazi. Anayesa mapiritsi a mutu, anayesa mafuta otikitira, anafika poika beseni la madzi ozizira pansi pa makina, kuti akasoka mkono umodzi aviikemo mapazi, atulutse, apukute, asoke winawo.

Kuchipatala anapita okha, akazi awo atapita kukaona mdzukulu wakhanda. Anapezako adokotala achitsikana, amsinkhu wa mwana wawo womaliza. Anawavula masokosi, kuwagwiragwira kuphazi, n'kunena kuti shuga wavulaza mitsempha.

"Agogo, ndikupatsani mapiritsi ang'onoang'ono. Ndikuuzirenitu kuti musadzamve kwa ena: mankhwalawa anawapangira anthu ovutika maganizo. Koma akakhala ochepa chonchi, amatontholetsanso mitsempha ikamabaya. Muzimwa limodzi madzulo mukamakagona, chifukwa amagonetsa. Musayembekezere kuchira mawa, amatenga milungu."

Adokotala ananena zonse, ndipo ananena bwino. Koma Achoko atangomva zoti maganizo, makutu anatseka.

Anali ndi chifukwa. Mkulu wawo, obadwa nawo bere limodzi, anadwala mutu ali mnyamata wabwinobwino. Ankayenda mumsewu akuyankhula okha, ana akuwathamangira m'mbuyo ndi miyala. Kwa zaka zambiri, munthu akafunsa njira ya kwa telala, ankamuuza kuti, "Pitani kwa amisala kuja." Achoko anasoka masuti osawerengeka kuti dzina limenelo lifafanizike, ndipo linafafanizikadi. Lero ndiye alowe m'nyumba ndi mapiritsi a maganizo? Mpongozi awaone patebulo, akauze amayi ake, mawa zimveke kumpopi? Nanga adzukulu aakazi aja, adzawafunsira ndani?

Anaganiza zowataya m'ngalande. Mapazi anakana. Ndiye anatsegula kachipinda kawo, kutulutsa chitini cha mabisiketi chimene amasungiramo mabobini a ulusi wa makina, n'kukwirira kajumbo ka mapiritsi pansi penipeni. M'chitinimo simupisa dzanja la munthu wina.

Vuto linali limodzi. Kachipindako amakatseka dzuwa likamalowa, ndipo kunyumba ndi kutali ndithu. Kumwa asanatseke, ankaopa kugwa m'njira. Kutengako limodzi m'thumba, akazi awo amapisa m'matumba onse madzulo alionse, kufuna maswiti obisa. Achoko anakhala pansi n'kulingalira.

"Kodi piritsi lili ndi wotchi?" anadzifunsa. "Likadziwa bwanji kuti kunja kwada?"

Anayamba kumwa m'mawa, akangotsegula.

Piritsi lilibedi wotchi, koma ntchito yake limaidziwa. Dzuwa likamakwera, zikope zinkalemera ngati wazimangirira miyala. Kukamwa kunkauma gwa. Makina ankayamba bwinobwino, kenako kumachedwa, kumachedwa, zii. Wansapato, amene akhala naye khoma limodzi kwa zaka zambiri akunyozana tsiku lililonse, anali woyamba kuona.

"Achoko! Masiku ano mukuyeza nsalu ndi chipumi?"

"Ndikuganiza, iwe."

"Kuganiza kwake kochita kuliza mkonono? Ine ndimayesa makina afuna mafuta."

"Soka zonunkha zakozo, undisiye."

Anaseka onse, koma Wansapato anayamba kumasuzumira kawirikawiri.

Kenako inabwera jekete ya mkulu wa kwaya. Nsalu yabwino, yabuluu, yogula patali. Mwiniwake atabwera kudzayesa, anaima pagalasi, kudzikonza kolala, n'kufuna kupisa manja m'matumba. Manja anangotsetsereka. Anayesanso. Atawerama kuyang'ana, matumba onse awiri anali ozondoka, kukamwa kuli pansi.

"Madala, makiyi ndiziika chotani? Ndiziyenda chadodolido?"

Matumba! Chikhala kolala, chikhala batani, koma matumba. Achoko anailandira jekete ija ndi manja awiri, n'kunena kuti abwere sabata yamawa. Tsiku limenelo sanasokenso kanthu.

Sabata yomweyo, akusoka mpendero wa diresi, tulo tinawaba phazi likupondabe. Singano inalowa pachikhadabo n'kuthyokera momwemo. Wansapato ndi amene anamva kukuwa, anawamanga chala ndi kansalu, kuwaperekeza kuchipatala kukachotsa singanoyo, n'kuimbira foni mwana wawo wachisamba, woyendetsa lole.

Mwanayo si woipa, ndipo asamunenere zoipa. Ndi mwana woti akabwera ku ulendo amayamba walonjera makolo asanakaone kwake. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo, n'kuyankhula mofatsa.

"Ababa, mwagwira ntchito yokwana. Lero ndi chala, mawa lidzakhala diso. Munthu kugona masanasana pamakina, ndi ukalamba umenewo, si mlandu. Pali telala wina kumsika akufuna makina opondera. Loweruka ndibwera ndi lole."

Achoko anayang'ana chala chawo chomangidwacho. Akananena mawu ochepa chabe, makina akanatsala: si ukalamba, ndi mankhwala. Koma mwana akanafunsa kuti mankhwala anji. Anaika makina mbali ino, dzina la banja mbali inayo, n'kusankha.

"Wanena zoona, mwana wanga," anatero.

Loweruka lole inaima pakhomo pa kachipinda, ikutsekereza sitolo ya penti. Akazi a Achoko anabwera nawo, atavala ngati akupita kumaliro. Iwo sanavomereze za kugulitsazo, koma ataona chala anagonja. Mwana atayamba kumasula lamba, mayiwo anamugwira dzanja.

"Makina utenge, koma za m'madirowa ndi za amuna anga. Wakumsikayo akagule zake."

Anayala nsalu patebulo n'kuyamba kukhuthula. Masizasi, tepi yofufutika manambala, mazipi akale, mabatani a malaya a anthu amene anamwalira kalekale. Achoko anali chiimire pakhomo, akuyang'ana kumsewu. Atamva chivindikiro cha chitini chikulira, anatembenuka, koma mochedwa. Mabobini anali atamwazika patebulo, kajumbo kali pamwamba.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Za mapazi."

"Za mapazi zimakhala m'mabobini?"

Mwana anatenga kajumboko, kuwerenga dzina, kulilemba pafoni yake. Anawerenga kanthawi, nkhope n'kusintha. Anatsitsa mawu kuti Wansapato asamve, ngakhale Wansapatoyo anali atasiya kale kukhoma, khutu lili kukhoma.

"Amayi, akuti ndi a anthu ovutika maganizo. Ababa, chikukuvutani n'chiyani? Ife takulakwirani?"

"Palibe wandilakwira! Ndati ndi a mapazi. Adokotala anati amathandizanso mitsempha. Tsitsa pansipo uwerenge bwino."

Mwana anatsitsa, n'kugwedeza mutu kuti zilipodi. Koma mayi ake sankamvera za foni. Anali atalanda kajumbo kaja, akukayang'anitsitsa atakatalikitsa, poti magalasi anaiwala kunyumba. Pakajumbopo panali tizithunzi: dzuwa likutuluka, dzuwa lili pamutu, ndi mwezi. Wakuchipatala anali atalemba chizindikiro pansi pa mwezi.

"Apa alemba pamwezi. Inu madzulo mumakhala kunyumba, ine ndikukuonani. Mumamwa nthawi yanji?"

Achoko anakanda kukhutu, choko n'kugwa.

"M'mawa."

"Anakuuzani kuti m'mawa?"

"Anati madzulo. Amagonetsa."

"Amagonetsa! Ndiye inu, bambo wanzeru zanu, mumamwa tulo m'mawa n'kukhala pansi pa singano? Chifukwa chiyani osabwera nawo kunyumba?"

"Ndimaopa kuti anthu ayambanso zija," anatero Achoko, mawu ali pansi. "Zoti kwa amisala. Ine ndakalamba, anganditche chilichonse. Koma adzukulu."

Mayiwo anakhala pampando wa makina. Kenako anayamba, ndipo sanatsitse mawu ngakhale pang'ono.

"Alamu anga aja, ankawasambitsa ndani? Ankawachapira ndani? Akasowa, amene ankazungulira misewu ndi mbale yovindikira, si ine? Ndinakwatiwa ndi inu ndikuwaona, akuimba pakhomo pa tchalitchi opanda nsapato. Ndinathawa? Anali munthu wodwala, ndipo anali wathu. Manyazi anali a amene ankagenda aja, osati athu. Tsono lero mundibisire kambewu aka, ngati ndine mlendo m'nyumba mwanu? Ngakhale akanakhala a maganizo enieniwo, ndiye chiyani? Mutu si thupi? Ndikanakupatsani ndi dzanja langali, ndi madzi m'kapu yabwino ija."

"Amayi, anthu akumva," anatero mwana.

"Amve! Ndipo mdzukulu wanga amene adzakanidwe chifukwa cha mapiritsi a agogo ake, mwamunayo adzakhala watipeputsira ntchito."

Kukhonde kunamveka kutsokomola. "Ine sindinamve kanthu, mlamu," anatero Wansapato. "Koma lambayo mubwezeretse, wapinda molakwika."

Mwana anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana makina. Ananena kuti lole ibwerera yopanda kanthu lero, koma Lolemba onse atatu apite kwa adokotala, ndipo akadzangomvanso kuti agona pamakina, sadzafunsanso munthu. Achoko anavomera. Lamba anabwezeretsa okha, ndi chala chomanga chomwecho.

Adokotala aja sanakalipe. Anaseka pang'ono za wotchi, n'kufotokozanso zonse, ulendo uno kwa makutu asanu ndi limodzi. Azimwa madzulo. Akamadzuka asamadzambatuke, chizungulire chingawagwetse. Kukamwa kukauma azimwa madzi. Asadzasiye okha osabwera kudzafunsa. Mayiwo anafunsa mafunso ambiri kuposa wodwala, mpaka anthu apamzere anayamba kung'ung'udza.

Kajumbo kanasamukira kunyumba. Sikanalowe m'kabati, ayi. Akazi awo anakaika pawindo la pabalaza, pambali pa wailesi, poti aliyense wolowa akaone. Mpongozi atafunsa, anamuyankha kuti, "Ndi a maganizo, koma apongozi ako akumwera mapazi. Ukufunanso kudziwa chiyani?" Nkhani inathera pomwepo. Ngati inafika kumpopi, inabwerako yopanda mano.

Kuchira kwake sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo kunena zoona, sikuchira kwenikweni. Milungu yoyamba ankadzukabe mutu uli wolemera, moto uli pomwepo, moti anafuna kutaya mtima. Akazi awo sankakambirana nawo, ankangobwera ndi kapu. Pang'ono ndi pang'ono malawi anazilala, kutsala makala. Masiku ena makalawo amayakanso, makamaka kukatentha, ndipo beseni likadali pansi pa makina. Koma amafunda bulangete mpaka kuzala, ndipo masana maso amakhala gwa.

Ntchito yoyamba imene anagwira chala chitapola inali jekete yabuluu ija. Anasomola matumba onse awiri ulusi umodziumodzi, kusita, kudulanso, kusindikiza kawiri. Mkulu wa kwaya anabwera, kuvala, kuima pagalasi. Anapisa manja mosamala ngati akuopa njoka. Manja analowa mpaka m'mikono. Anaponyamo makiyi, kudumpha kawiri, makiyi ali phee.

Atachoka, Achoko anabwezera choko kukhutu, kukoka thalauza la mdzukulu lofuna kutsitsa mpendero, n'kuika mapazi pachopondera.

"Achoko!" anakuwa Wansapato kuseri kwa khoma. "Phokosotu ilo! Anthu tinazolowera kupuma masana."

"Pita ukagone kwanu," anayankha Achoko, makina akuthamanga.